A Bwanali, Amene Anatsuka Kompyuta

"Amake Shakira, tandiuzani zoona, misozi ija inali yanu kapena ya utsi?"

Anandifunsa choncho ndi amake Twaibu, amene tinayandikana nyumba, tikukwecha mapoto kuseri kwa siwa, mawa lake amuna ataika a Bwanali m'manda. Nkhuni za pamalirowo zinalidi zaziwisi, ndipo tonse ophika maso anali psuu. Ine ndinangoti, "Kwechani poto ameneyo, asisi, mpunga wakakamira pansi." Anaseka atatseka pakamwa ndi mpango, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma funso lawolo silinali lachabe. Pa Liwaladzi pano palibe amene sadziwa za ine ndi a Bwanali. Iwo anali malume ake a mwamuna wanga Yusufu, amene anamira panyanja mwana wathu Shakira asanayambe n'kukwawa komwe. Foni ya Yusufu inamira naye limodzi. Zithunzi zake zonse zimene zinatsala padziko lino zinali malo amodzi okha, m'kompyuta ya a Bwanali. Ndiye kuti nkhope ya bambo a mwana wanga ndinasungitsa kwa iwo, kuti mwanayo akadzakula adzaione. Pamaliro paja olankhula anati kwagwa munthu wophunzira, amene anabweretsa kuwala m'dera lathu. Ndinamvetsera mpaka anamaliza. Tsopano ndinene nanenso za munthu amene ndinkamudziwa ine.

Anali aatali, oonda, ndipo ankavala jekete pamwamba pa kanzu, mkanjo wawo wachisilamu, ngakhale mwezi wa Okutobala, pamene ndi nkhuku zomwe zimayenda kukamwa kuli yasa. M'thumba la jeketelo munkakhala mzere wa zolembera, zambiri mwa izo zosalemba. Anagwira ntchito ya ukalaliki pa sikelo ya nzimbe ku Dwangwa mpaka kupuma, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Ukawafunsa nthawi, ankayamba akuuza kaye mmene malole ankaimira pamzere kudikira dzanja lawo, kenaka n'kuyang'ana wotchi. Ukawapatsa salamu ankayankha bwinobwino, koma pamapeto pake ankaponyapo mawu awiri atatu a Chingerezi, kuti udziwe kuti iwe ndi iwo simunafanane. Tiyi wawo ankamwera m'fulasiki pamaso pa alendo osanena ndi "tiyeni" yemwe.

Kompyuta anawatumizira ndi mwana wawo Hamisi, amene ali ku Joni. Anaiika m'kachipinda ka m'mphepete mwa msewu waukulu, momwe kale munali telala, n'kuyamba kutchaja mafoni, kutaipa makalata ndi kusindikiza mapepala. Wolowa m'menemo ankavula nsapato pakhomo ngati akulowa mumzikiti. Mabatani a kompyutayo ankawapukuta ndi kaburashi kopentera, ndipo madzulo ankaifunditsa chitenje chatsopano cha akazi awo a Asiyatu, chimene mwini wake anali asanachivalepo. Ana akasuzumira pawindo ankawathamangitsa, ati mpweya wawo uli ndi chinyezi cha nsomba.

Zosungitsa zithunzi anaziyambitsa okha, sitinawapemphe ife. Ankaima pakhonde n'kumatiuza kuti ndife anthu opanda nzeru, chifukwa timayenda ndi ukwati wathu, ana athu ndi makolo athu m'kafoni ka m'thumba, pamene tikudziwa kuti kuno foni imathera m'madzi kapena m'manja mwa wakuba. Pamenepo ananena zoona, sindikana. Choncho anthu anayamba kubweretsa makhadi a m'foni, iwo n'kumakopera zithunzi m'kompyuta, banja lililonse malo akeake. Ankakonda mawu akuti amana, kutanthauza chinthu chimene mnzako wakusungitsa, ndipo ankati munthu wotaya amana sayenera kuima kutsogolo pa swala mumzikiti. Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa, osati kamodzi.

Yusufu anapititsa khadi lake kumeneko patatsala milungu yochepa kuti mwera umutenge. Munali zithunzi za ukwati wathu, zina ali pa boti, ndi kavidiyo kamodzi kamene ndinajambula ine ndi dzanja lonjenjemera. Anali atanyamula Shakira, akumuimbira ndi mawu ake oipa aja, mwanayo n'kumubwezera mkaka pamalaya, iye n'kuphulika nako kuseka. Maliro atatha ndinkapita Lachisanu lililonse amuna akatuluka mumzikiti, mwana kumbuyo, kukapempha kuti andionetse. Ankandidikiritsa pabenchi mpaka atamaliza tiyi. Akatsegula, ankaimitsa kavidiyoko pakati kuti andifotokozere kuti wojambula sankadziwa kugwira foni. Ndinkangoti, "Inde, amalume." Ndinawapempha kangapo kuti andikoperere pa khadi langa. Anakana, ati khadi langa ndi lauve, ladutsa m'mafoni a asodzi, lidwalitsa makina awo. Za kusindikiza papepala ankati inki ya mitundu yatha, tidikire Hamisi atumize. Ndinadikira. Kudikira ndimakutha.

Komatu makinawo anali odwala kale. Mavairasi anali atadzazamo. Ukaikamo khadi, nyimbo ndi zithunzi zako zinkasanduka tizinthu toyera tosatseguka. Kuyatsa kokha, munthu unkatha kupita kunyanja kukagula usipa n'kubwerako isanadzuke. A Bwanali ankati olakwa ndi anyamata a ku gombe amene amasunga zolaula m'mafoni. Iwo ayi, sanalakwepo chibadwire.

Ndi mmene anabwerera a NyaGondwe, mphunzitsi wa ku sekondale, mayi wa kumpoto wolankhula mofatsa. Anadzasindikiza mapepala a ana asukulu, n'kuona mmene kompyutayo inkavutikira. Ine ndinali pabenchi panja, chitseko chili chotsegula.

"Adada, makinawa ndi abwinobwino," anatero. "Chimene chatopa ndi chimene chimawayendetsa. Zili ngati boti lolimba lokhala ndi injini yakutha. Pali injini ina, dzina lake Linakisi. Ndi yaulere, simuba kwa munthu, ndipo mavairasi a m'makhadiwa saigwira."

"Yaulere?" anatero a Bwanali akuvula magalasi. "Mwana wanga, ine ndagwira ntchito ndi azungu. Mzungu sapereka chinthu chaulere."

A NyaGondwe anawafotokozera kuti chinthucho sichili ndi mwini mmodzi, anachipanga ndi anthu ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense wodziwa angathe kuchitsegula, kuona mmene anachilukira, kuchikonza ndi kugawira mnzake poyera. Mawa lake anabwera ndi fulashi, n'kuwaonetsa kuti angathe kuyamba ayesa kaye. Linakisiyo inkayenda kuchokera pa fulashipo osakhudza chilichonse cha m'kati, ndipo ukazula, kompyuta inkabwerera mwakale. Pochoka anawauza zinthu ziwiri, ndipo anazibwereza. Choyamba, asanailowetse zenizeni, akopere chilichonse cha anthu pa chosungira china, achiike padera. Chachiwiri, awadikire abwereko ku holide kwawo, adzachitire limodzi. A Bwanali anagwedeza mutu monga amachitira munthu wamkulu pomvera mwana akunena maloto ake.

Sabata isanathe, munthu amene ankati mzungu sapereka chaulere uja anali atasanduka mlaliki wa Linakisi. Mukadamva mmene ankayankhulira, mukadayesa kuti anaipanga ndi iwo ku Dwangwa nthawi yopuma masana. Aliyense wobwera kudzatchaja foni ankayamba wamva kaye za ufulu. Ankati ife tonse ndife akapolo a makampani, kuti munthu ayenera kuona m'kati mwa chinthu chimene akugwiritsa ntchito, kuti m'dziko la Linakisi mulibe bwana. Ankanena zimenezi atakhala pampando wokhawo wa m'chipindamo, ife tili chiimire opanda nsapato, ndipo wofuna kukhudza batani limodzi ankamenyedwa padzanja ndi kaburashi kaja.

Anasindikiza chithunzi cha kambalame konenepa, kakuda ndi koyera, kamene ankati ndi chizindikiro cha Linakisi, n'kuchimata pachitseko. Anthu anakatcha bakha wa a Bwanali. Tsidya la msewu kuli anyamata obena nyimbo m'makhadi, ndipo a Bwanali anayamba kuwatcha akuba, ati mapulogalamu awo ndi obedwa. Anyamatawo m'mawa uliwonse ankakuwa, "Agogo! Bakha uja waikira?" Iwo ankatuluka ndi jekete lawo n'kuwayankha m'Chingerezi chachitali, anyamatawo n'kukweza sipika. Ndi a Shehe anakangana masiku angapo, a Shehe akuti Msilamu wamkulu samata chifanizo cha cholengedwa pakhomo pamene amaswalira masana. A Bwanali anati mbalameyo si cholengedwa chifukwa kuno kulibe. Anasiya kupatsana salamu mpaka Ramadhani.

Tsiku lenilenilo linali Loweruka m'mawa, a NyaGondwe akadali kwawo. A Bwanali sankachita chinthu popanda oonerera, choncho anaitana anthu. Ati lero tikutsuka makina. M'chipindamo munadzaza, ena pawindo. Ine ndinasiya usipa pathandala n'kuthamangira komweko, mtima uli m'mwamba, chifukwa mawu a mphunzitsi aja ndinali nditawasunga.

"Amalume," ndinatero ndili pakhomo, "zithunzi zija mwakopera pena?"

Sanatembenuke. "Amake Shakira, munalekeza sitandade chani?"

"Sikisi, amalume."

"Ndiye mverani. Makina ano ali ndi zipinda ziwiri. Chipinda choyamba ndi cha injini, ndi chimene tikutsuka. Zithunzi zanu zili m'chipinda chachiwiri. Kodi mukamakolopa pabalaza, katundu wa kuchipinda amanyowa?"

Anthu anaseka. Nanenso ndinamwetulira pang'ono, chifukwa zinamveka zanzeru. A Asiyatu, amene kawirikawiri sankayankhula pagulu, anati, "Bambo, bwanji osadikira mphunzitsi uja? Kwangotsala masiku owerengeka."

"Mtsikana ameneyo anabadwa ine ndili kale pa sikelo," anatero.

Kenaka pa sikirini panabwera funso, ndipo anatimasulira monyadira. Makinawo ankafunsa ngati akufuna kuika Linakisi pambali pa zakalezo, kuti zikhale ziwiri, kapena kufufuta zonse n'kuyamba mwatsopano. Bambo wina wogulitsa mpunga anati, "Ikani pambali, mwina yatsopanoyo idzakukanani." A Bwanali anamuyang'ana ngati wanena mwano.

"Iwe ungathire mkaka m'beseni limene wachotseramo matumbo a nsomba, osalitsuka? Choyera sichigona ndi chodetsedwa. Tifufuta."

Atasankha, panabweranso mawu ena. Anawawerenga mokweza m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti timve kukoma kwa lilime lawo, koma amenewa sanamasulire.

"Akuti chiyani pamenepo?" ndinafunsa.

"Akuchenjeza anthu osadziwa," anatero. Ananena bisimila, m'dzina la Mulungu, n'kudina.

Pambuyo pake ndinadzamva kwa a NyaGondwe kuti mawuwo ankanena poyera kuti chilichonse chimene chili m'chosungira cha makinawo chichotsedwa, zithunzi ndi makalata omwe. Zipinda ziwiri zija zinali za nyumba imodzi, ndipo chimene anasankha sichinali kukolopa pabalaza koma kugwetsa nyumba yonse. Chingerezicho anachimva bwinobwino, palibe liwu limene linawaphonya. Kungoti pa moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti chenjezo amalembera anthu ena.

Kamzere kanayenda pa sikirini mpaka kudzaza. Makina anazima n'kuyakanso, ndipo anadzuka mwachangu ngati mwana wamva fungo la mandasi. Anthu anaomba m'manja. A Bwanali anaimirira n'kuwerama pang'ono. Atakhalanso pansi ndinaona dzanja lawo likukankha mausi, kutsegula apa, kutseka, kutsegula apo, kubwereranso poyamba paja. Ena onse ankayang'ana sikirini yokongolayo. Ine ndinkayang'ana khosi lawo, mmene thukuta linkatsikira m'kolala ya jekete.

"Lero zakwana," anatero. "Makina apume."

Kulakwitsa sindiwaimba nako mlandu kwambiri. Aliyense woyamba chinthu amalakwitsa. Ine tsiku loyamba kuwamba nsomba ndinapsereza dengu lonse. Chimene ndimawanyozera mpaka lero, ali m'manda momwemo, ndi zimene anachita m'milungu yotsatira. Lachisanu ndinapita. Anati makina akuzolowera kaye, ndibwere sabata yamawa. Ndinapitanso. Anati chipinda chachiwiri chilipo, koma mtundu uwu wa Linakisi umachibisa, apeza mtundu wina. Ndipo anapitadi ku boma kumene netiweki ili yamphamvu, n'kubwera ndi mtundu wina, n'kuulowetsa pamwamba pa woyambawo. Utalephera kuonetsa chipindacho, anakatenga winanso. Ankatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo, n'kumakopera mawu a pa intaneti amene sankawadziwa mutu wake, chitseko atatseka. Pofuna kuti anthu aone kuti makina ali ndi katundu, anadzazamo maulaliki ndi mabuku. A NyaGondwe atabwerako ku holide, a Bwanali ankati akawaona akubwera pamsewu, n'kukhoma chitseko, n'kutulukira kuseri.

Ndinapita ndekha kusekondale kukawatenga mayiwo. Tinawapeza a Bwanali akumwa tiyi, analibe kothawira. A NyaGondwe anakhala pa kompyutapo nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti ailowetsa kangati.

"Kangapo," anatero a Bwanali. "Munthu amayenera kufufuza."

"Yayi, adada, yayi." Mayiwo anagwira mutu. "Mukadangoizimitsa tsiku lomwelo n'kundiimbira foni. Chinthu chikafufutidwa sichichokeratu nthawi yomweyo, chimakhala chikadali pansi ngati katundu wogwera m'madzi osaya. Tikadavuula zambiri. Koma chilichonse chimene mwakhala mukuikamo chakhala chikuthira mchenga pamwamba pake."

Anayesabe. Anabwera ndi pulogalamu yovuulira zinthu, inayenda tsiku lathunthu. Zimene zinatuluka ndinaziona: theka la nkhope ya mkwatibwi wina, kunsi kwake kuli phulusa lokhalokha, miyendo ya ana pa tsiku la Idi, mbuzi ya munthu. Tinayang'ana chimodzichimodzi mpaka maso kuwawa. Yusufu munalibe. A NyaGondwe anandigwira dzanja n'kunena kuti pepani, iwo amene sanalakwe kanthu.

A Bwanali mawu amenewo sanawatchulepo. M'malo mwake nkhani yonse anaisandutsa phunziro, iwo n'kukhala mphunzitsi wake. Anayamba kuuza anthu kuti vuto la Amalawi ndi kusunga chinthu malo amodzi, kuti munthu wanzeru amakopera pawiri, kuti iwo akhala akunena zimenezi kuyambira kale. Ndinawamva akuuza mlendo wina zimenezi ine ndili pomwepo, ine amene anandikaniza kukopera pa khadi langa lauve. Amayi ena atapita kukalira pakhomo pawo chifukwa cha zithunzi za mwana wawo womwalira, a Bwanali anawauza kuti Msilamu weniweni safuna zithunzi, ndipo zimene zachitikazo chinali chifuniro cha Mulungu. A Shehe atamva anati, "Mulungu sanadine batani." Mawu amenewo anayenda gombe lonse mpaka ku Bua, ndipo anyamata a tsidya la msewu anasiya za bakha n'kuyamba kukuwa amenewo.

Patapita miyezi ananditumizira uthenga kuti ndipite, ali ndi chinthu changa. Ndinathamanga, chitenje chikumasuka m'njira. Ndinawapeza atakhala mowongoka, envulopu ili patebulo. Anali atapeza m'foni ya msodzi wina chithunzi cha tsiku limene ankatsitsira boti latsopano m'madzi. Anthu anali ambiri, ndipo kumapeto kwenikweni kunali munthu atatembenukira kunyanja, akukoka chingwe. Anali Yusufu, malaya ndinawazindikira. A Bwanali anadula mbali imeneyo, n'kuikulitsa ndi pulogalamu yawo yaulere mpaka inasanduka timabokosi, n'kusindikiza. Inki ya mitundu tsiku limenelo inapezeka.

"Nayu mwamuna wanu," anatero. "Mwaona zimene Linakisi imatha kuchita? Pa makina akale aja izi sizikadatheka."

Ndinayang'ana pepalalo. Panali phewa, ndi khutu limodzi.

"Zikomo, amalume," ndinatero.

"Musamalitu. Muike m'pulasitiki. Anthu inu simudziwa kusunga zinthu."

Ndinatuluka, n'kuvala nsapato zanga pakhomo, ndipo sindinalowemonso m'chipindamo kwa nthawi yaitali.

Kunena chilungamo, Linakisiyo inalibe mlandu, ndipo inawatumikira bwino kuposa mmene iwo anatitumikirira ife. Pulinta inayamba yakana, koma a NyaGondwe anaikonza, ndipo kuyambira pamenepo sinavutenso. Makina sanadwalenso. Khadi lodzaza mavairasi ankalilowetsa opanda mantha n'kulichotsa loyera, moti ngakhale anyamata obena nyimbo aja ankatuma anzawo mobisa kuti akawatsukire makhadi. A Bwanali anaphunzira ndithu, pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, pa msinkhu umene anzawo amangokhala pansi pa mtengo kudikira swala. Zimenezo ndikuwapatsa. Anthu anabwerera kudzatchaja mafoni ndi kutaipitsa makalata, chifukwa panalibe kwina kwapafupi. Koma palibe amene anawasungitsanso chithunzi ngakhale cha nkhuku. Ankati akanena kuti, "Bweretsani ndikusungireni," munthu ankangogwira thumba lake ngati ali pa depoti ya basi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiona chaka chathachi, ndipo sindinauzepo munthu. A Asiyatu anadwala, n'kundipempha kuti ndiwapititsire amuna awo chakudya cha masana. Chitseko chinali chotsekedwa mwatheka, ndipo sanandimve ndikuvula nsapato. Pa sikirini panali pulogalamu ija yovuulira zinthu, imene a NyaGondwe anagwiritsa ntchito zaka zapitazo. Ndinaizindikira ndi mmene manambala ake ankathamangira. A Bwanali anali atayandikitsa nkhope pafupi, akutsegula tizidutswa ta zithunzi kamodzikamodzi, milomo ikugwedezeka. Atandiona anatseka msangamsanga ngati mnyamata wogwidwa ndi zolaula.

"Simugogoda bwanji?" anatero.

"Pepani, amalume. Chakudya."

Ndiye kuti ankadziwa. Zaka zonsezo ankadziwa chimene anachita, ndipo ankachifunafuna okha m'chipinda chotseka, pamene panalibenso chovuula. Ena akadamva chisoni poona zimenezo. Ine ndinayesa, koma chimene chinandibwerera ndi ichi: munthu ameneyu analolera kukhala zaka akukumba mchenga ndi chala chimodzi kusiyana ndi kutsegula pakamwa kamodzi kokha pamaso pa mkazi wa sitandade sikisi. Ndinaika mbale patebulo n'kubwerera kwa a Asiyatu.

Anamwalira mosavutitsa. Anagwa potuluka mumzikiti, ndipo pofika nawo kuchipatala cha ku boma anali atapita kale. Hamisi anafika kuchokera ku Joni maliro ataikidwa. Atayatsa kompyuta ija inamufunsa pasiwedi. Anafunsa mayi ake, sankaidziwa. Anafunsa a NyaGondwe, anati a Bwanali anaisintha kalekale osauza munthu. Mlaliki wa zinthu zotseguka uja anapita ndi kiyi wake kumanda, ndipo m'katimo munatsekeredwa makalata a anthu amene anali asanasindikizidwe. A NyaGondwe anati pali njira yolowera, angoyembekeza Loweruka. Hamisi anati alibe nthawi, basi yake inyamuka Lachinayi. Anainyamula pa kabaza kupita nayo ku boma, kumene wogula anati aifufuta yonse. Magazi ndi amodzi ndithu.

Dzulo ndinadutsa pa kachipinda kaja pochokera ku chigayo. Chitseko chinali chotsegula, a Asiyatu akuti alowemo wometa tsitsi mwezi wamawa. Ndinalowa ndi nsapato. Tebulo likadalipo, ndipo pakati pake pali malo oyera a makona anayi pamene fumbi silinkafika. Mawaya otchajira mafoni akulendewera pakhoma opanda kanthu kumapeto kwake. Pansi pa tebulo pali katoni ya mafulashi, lililonse atalimata kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo lokongola la ukalaliki, mitundu yonse ya Linakisi imene anaiyesa. Mpando anautenga kale achibale. Mavu ayamba kumanga pakona ya windo, ndipo m'chipindamo mukununkha inki ndi ndowe za mileme.

Ndinaima pamenepo n'kuwerengera zimene zinapita Loweruka lija. Maukwati a mabanja ambiri a gombe lino. Nkhope za ana amene anamwalira asanayende. Mawu a mayi wina wokalamba wa ku Chia, amene adzukulu ake anamujambula akutchula mayina a makolo awo onse kuyambira amene anafika kuno pa chombo, ndipo palibenso wamoyo amene amawadziwa onse. Mapepala a sukulu a mnyamata wina amene nyumba yawo inapsa. Ndipo kwa Shakira, amene chaka chino wayamba sukulu, nkhope ya bambo ake, kuseka kwawo, ndi mawu awo akumutchula dzina.